Injini zikazima m'mwamba: momwe mungasankhire malo otera pamadzi

Ndege ikazima injini sikuti imangogwa ngati mwala. Imauluka ndithu motsetsereka, ndipo mphindi zochepa zimenezo ndi zomwe woyendetsa ali nazo zoti asankhire kotera. Ngati ndinu muli pampandowo, yambani ndi liwiro. Weramitsani mphuno ya ndege mpaka ifike pa liwiro lomwe buku la ndegeyo limati lingakufikitseni patali kwambiri popanda injini. Mnzanu aziyesa kuyatsanso injini, inu maso panja.

Kenako dzifunseni moona ngati mungafike pabwalo la ndege. Apa mtima umanamiza, chifukwa aliyense amafuna kutera pouma. Pa 15 Januwale 2009, Airbus A320 ya US Airways inawombana ndi atsekwe itangonyamuka pabwalo la ndege la LaGuardia ku New York, injini zonse ziwiri n'kutha mphamvu. Oyang'anira ndege anatchula LaGuardia, anatchulanso bwalo lina la Teterboro, koma woyendetsa ndegeyo, Chesley Sullenberger, anaona kuti akapanda kufika, ndegeyo ikagwera pakati pa nyumba za anthu. Anasankha mtsinje wa Hudson. Inunso mukasankha madzi musasinthesinthe, pakuti kukhota kulikonse kumatsitsa ndege ndipo simungakwerenso.

Tsopano funso ndi lakuti madzi ake ati. Kwa ine apa ndiye pagona nkhani yonse: terani pomwe pali anthu oti akuvuuleni msanga. Ndege siyandama nthawi yaitali, ndipo madzi ozizira amafoola munthu mwachangu ngakhale akhale katswiri wosambira. Sullenberger anatera kufupi ndi pomwe maboti owolotsa anthu amadutsa. Mabotiwo anafika m'mphindi zochepa, ndipo anthu onse 155 anapulumuka ngakhale inali nyengo yachisanu. Mu Okutobala 1956, Richard Ogg, woyendetsa ndege ya Pan Am, injini ziwiri zitavuta pakati pa nyanja ya Pacific, anazungulirazungulira pamwamba pa sitima yapamadzi ya Pontchartrain mpaka kunacha, n'kutera pafupi nayo. Onse 31 anavuulidwa amoyo. Ogg nthawi anali nayo ndipo sanapupulume, popeza usiku maso sadziwa bwino kuti madzi ali patali bwanji. Ngakhale masana, madzi abata osalala ngati galasi amasokoneza chimodzimodzi.

Pamtsinje pewani milatho ndi nthambo zamagetsi zodutsa pamwamba, ndipo funani potalika mosakhota. Panyanja yang'anani mafunde akuluakulu. Kulowa nawo maso ndi maso kuli ngati kugunda khoma, choncho terani motsatira utali wa fundelo. Mphepo ikakhala yamphamvu kwambiri, mpamene mungapendeketseko mphuno kuloza komwe ikuchokera kuti liwiro lichepe.

Uthenga ukhale waufupi: nenani Mayday (mawu odziwitsa kuti muli pangozi), tchulani pomwe muli ndi pomwe mukatere, ikani nambala yangozi ya 7700 pa makina odziwitsa oyang'anira ndege. Ngati palibe akuyankha, ikani wailesi pa 121.5, pomwe pamaperekedwa mauthenga angozi.

Potera, matayala akhale opinda m'kati ngati ndege yanu imapinda, mphuno yokwezeka pang'ono, liwiro lotsika koma losafika pogwetsa ndege. Mapiko akhale olingana, ndipo izi musazitaye m'maso mpaka mutakhudza madzi. Pa 23 Novembala 1996, Boeing 767 ya Ethiopian Airlines, yomwe inalandidwa ndi zigawenga, inatha mafuta kufupi ndi zilumba za Comoros. Leul Abate ankayendetsa uku akusokonezedwa ndi zigawengazo, ndipo phiko lakumanzere linayamba kukhudza madzi, ndege n'kuswekasweka. Mwa anthu 175, anamwalira 125. Ena anali atapopa majekete oyandamitsa akadali m'kati, madzi atalowa n'kuwakanikizira kudenga osathanso kutuluka. N'chifukwa chake, musanatere, onetsetsani kuti ogwira ntchito m'ndege auza aliyense momveka kuti avale jekete koma aipope pokhapokha akafika pakhomo lotulukira.