Ngati Mukufuna Kuona Mitu Yamiyala ya Aolmec ku Mexico

Anthu ena akafika ku Mexico amathamangira ku La Venta, malo akale a Aolmec, poganiza kuti mitu ikuluikulu yamiyala imene anthu akalewa anasema akaipeza kumeneko. Musataye ndalama zanu. Mitu inayi ya kumeneko anaisamutsira ku mzinda wa Villahermosa kalekale, pamalopo pali zongoyerekezera chabe.

Mitu yodziwika ilipo 17: 10 inapezeka ku San Lorenzo, 4 ku La Venta, 2 ku Tres Zapotes, ndipo umodzi ku La Cobata. Ngati nthawi yanu ndi yochepa, pitani ku Xalapa, m'chigawo cha Veracruz. Nyumba yosungiramo zinthu zakale ya mumzindawu ili ndi mitu 7 ya ku San Lorenzo pamalo amodzi, ndipo kunja kwake n'kozizira bwino. Ku Mexico City kuli iwiri yokha. Waukulu kuposa yonse, wotalika pafupifupi mamita 3.4, uli pabwalo la tauni ya Santiago Tuxtla.

Mukafika, musangojambula nkhope n'kuchoka. Zungulirani mutu wonse. Yang'anani makutu ndi ndolo zake, kenako chisoti, chifukwa chilichonse chili ndi zizindikiro zake. N'chifukwa chake akatswiri amati iyi ndi nkhope za mafumu enieni. Mitu ina ndi yafulati kumbuyo, ndipo ofufuza amati ena mwa miyalayi poyamba inali mipando yachifumu, kenako anaisemanso. Mwala wake unkachokera kumapiri a Tuxtla, kutali ndithu, popanda galimoto kapena ng'ombe zokoka.

Musakonze ulendowu Lolemba, nyumba zambiri zotere zimakhala zotseka. Ku Villahermosa mitu itatu ili panja m'paki, choncho tengani mankhwala a udzudzu ndi madzi akumwa.