Kuvundika koko kuno ku Blantyre

Achemwali, mwafunsa kuti njere za koko muzivundika bwanji, ndipo muthiremo yisiti yanji. Musathire kanthu. Tizilombo tofunika timachokera m'manja, pa mpeni ndi pa masamba.

Swani zipatso, chotsani njere pamodzi ndi mnofu wake woyera wotsekemera uja, osatsuka. Unjikani pa masamba a nthochi, fundikani, monga amachitira ku Ghana.

Masiku awiri oyamba ndi a yisiti, monga Saccharomyces cerevisiae. Imasandutsa shuga kukhala mowa, madzi n'kumatsika pansi. Mabakiteriya a Lactobacillus amatsatira pomwepo.

Pakatha maola 48, tembenuzani kuti mpweya ulowe. Apa ndiye pagona nkhani. Mabakiteriya ena otchedwa Acetobacter amasandutsa mowawo kukhala viniga, fungo limalasa mphuno, kutentha kumafika madigiri 45 mpaka 50. Mukapisa dzanja mumva kuotcha. Njere imafa, kukoma kwa chokoleti n'kuyamba. Mulu waung'ono suchedwa kuzizira, makamaka kukagwa chiperoni, choncho kutirani ndi masaka ambiri. Ndikupemphani, apa musachite ulesi.

Tsiku la 5 kapena la 6 yanikani padzuwa mpaka njere zizilira mukazigwedeza m'dzanja.