Momwe mungadyetsere mwana wa ulumali wa ubongo kuti asamapaliridwe

Mwana amene ubongo wake unavulala pobadwa, kapena chifukwa cha chikasu chaukhanda, malungo a muubongo kapena matenda oumitsa khosi, nthawi zambiri amavutika kudya. Kuchipatala ulumaliwu amautcha cerebral palsy, ena amangoti CP. Njala amaimva ngati mwana wina aliyense, koma milomo, lilime ndi kummero sizigwirizana pogwira ntchito. Phala limabwerera kukamwa, mwana amatsokomola mpaka misozi, mayi naye n'kutopa phala lisanafike theka. Kunyumba ayamba kunena kuti mwanayu ngokana zakudya, chonsecho chavuta ndi kakhalidwe kake pa nthawi yodya ndiponso kaphikidwe ka chakudyacho.

Yambani ndi kumukhazika bwino

Ambiri amadyetsa mwana wotere atamugoneka chagada pamiyendo, mutu uli chogadama, chifukwa akatero phala silitayika. Silitayikadi, koma limatsetserekera kummero mwana asanakonzeke kumeza, ndipo lina limalowa njira ya mpweya n'kukafika m'mapapo. Apa m'pamene pamachokera chibayo chobwerezabwereza. Yesani nokha kumwa madzi mutayang'ana kudenga, mudzamva momwe zimavutira.

Khalani pamkeka mutatsamira khoma kuti msana wanu usapweteke. Mukhazikeni mwana pantchafu panu cham'mbali, matako ake alowe pansi pang'ono pakati pa miyendo yanu kuti chiuno chipindike ngati cha munthu wokhala pampando, mawondo nawo apindike. Chiuno chikapindika, mwana wouma thupi amasiya kudzikunga chambuyo ngati uta. Mkono wanu udutse kuseri kwa khosi ndi mapewa ake. Musakankhe mutu ndi chikhatho kunkhongo, chifukwa iye adzakankha mobwezera ndipo adzauma kwambiri. Mapewa ndi manja ake abwere kutsogolo, mutu ukhale pakati, chibwano chitsike pang'ono chabe, ngati akuyang'ana mbale ili patsogolo pake.

Mwana akakula n'kumalemera, mukhazikeni pakona ya nyumba, kapena m'katoni yolimba yomwe mwaichotsa mbali ziwiri. Pindani zitenje ziwiri ngati nkhata, muike ina uku ina uku m'nthiti kuti asagwere mbali. Chitenje chachitatu chidutse m'chiuno kuti asatsetsereke. Akakhala pampando, mapazi apondere pa chinachake, kaya njerwa kaya thabwa, asamalendewere. Inu mukhale kutsogolo kwake, nkhope yanu ikhale m'munsi pang'ono mwa maso ake. Mukaimirira adzadzutsa mutu kuti akuoneni, ndiye kuti zonse mwakonza zija zapita pachabe.

Chakudya chake

Chovuta kwambiri kumeza ndi madzi, tiyi ndi phala lamadzimadzi, chifukwa zimathamanga mkamwa. Chachiwiri ndi chakudya chosakaniza zolimba ndi zamadzi, monga mbamu ya nsima yoviika mumsuzi, kapena phala la mibulu. Mwana amalimbana ndi mbulu pomwe msuzi wadutsa kale. Phala labwino likhale losalala ndi lolimbirako. Litapeni ndi supuni n'kuipendeketsa: ligwe lonse pamodzi. Likamadontha ndiye kuti lachepa ufa, likakakamira pasupuni ndiye kuti lalimbitsa ndipo likamatirira kumwamba kwa kamwa.

Popeza mwanayu amadya pang'ono, supuni iliyonse ikhale ndi mphamvu. M'kapu imodzi ya phala la mgaiwa kapena Likuni Phala thiranimo supuni yaikulu imodzi ya nsinjiro zosefa bwino ndi supuni yaing'ono imodzi ya mafuta ophikira. Tsiku lina menyeranimo dzira phala lili pamoto mpaka lipse, tsiku lina usipa wokazinga, wosinja ndi kusefa kuti pasatsale minga. Peyala, nthochi yakupsa, mbatata yofiira mkati, dzungu ndi papaya zimapoteka mosavuta ndi foloko. Nyemba zichotseni makoko musanazipote. Nsima ndi ndiwo n'zotheka ndithu, bola muziphwanyire pamodzi mpaka zisanduke chinthu chimodzi chofewa. Mtedza wathunthu, chimanga chokazinga ndi maswiti olimba musamupatse.

Zakumwa nazo ziziyenda pang'onopang'ono. Tengani kapu yapulasitiki yofewa, mudule mbali imodzi ya mlomo wake ngati mwezi wongooneka kumene, mupale m'mphepete kuti musacheke. Pomwetsa, mbali yodulayo iyang'ane kumphuno, kuti kapu ipendekeke koma mutu usagadame. Ikani kapu pamlomo wam'munsi, osati pakati pa mano, ndipo mupatseni kamodzi, ameze, apume. Ngati madzi akumutsokomoletsa nthawi zonse, auzeni a mafizo (achipatala othandiza ziwalo kuti zizigwira bwino ntchito) kapena dokotala. Podikira, zakumwa zolemererako monga yogati kapena madzi a zipatso osakaniza ndi nthochi yopota zimamezeka bwino kusiyana ndi madzi okha.

Kagwiridwe ka supuni

Supuni ikhale yaing'ono ndi yosazama. Kwa mwana amene amaluma mwadzidzidzi chinthu chikakhudza mano, yachitsulo imamupweteka nkhama. Pezani yapulasitiki yolimba, yosathyoka. Akailuma musalimbane naye kukoka. Dikirani, nsagwada zidzamasuka zokha.

Tapani theka la supuni. Muonetseni, mumuuze kuti "phala ili", kenako ibwere kuchokera kutsogolo ndi m'munsi. Iikeni pakati pa lilime, mutsindike pang'ono, muitulutse molunjika kuti milomo ndiyo ichotse chakudya. Kupalira supuni pa mano akumwamba kumamuchititsa kudzutsa mutu ndi kutulutsa lilime. Ngati kamwa silitsekeka, muthandizeni ndi zala: chala chachikulu pachibwano m'munsi mwa mlomo, chala chapakati chigone pansi pa chibwano, cholozera chikhale m'mbali mwa nsagwada. Gwirani modekha koma mosasunthasuntha. Musamusisite pakhosi pofuna kuti ameze.

Dikirani ameze musanapatsenso. Ana ena amameza kawiri kapena katatu pa supuni imodzi. Apa m'pofunika kuleza mtima kwenikweni, ndipo wailesi ndi ana osewera akhale patali. Chakudya chisapitirire mphindi 30, chifukwa mwana wotopa ndiye amapaliridwa kwambiri. Kuli bwino kumudyetsa pang'onopang'ono kasanu kapena kasanu ndi kamodzi pa tsiku kusiyana ndi kulimbana naye ola lathunthu katatu. Kumutsina mphuno kuti ayasamule, kapena kumukamwitsa phala ndi dzanja monga ankachitira akale, kwa mwana uyu n'koopsa.

Akamaliza, muyang'aneni mkamwa. Chakudya chimabisala m'masaya ndi kumwamba kwa kamwa, n'kudzamutsamwa ali mtulo. Chichotseni ndi kansalu koyera kokulunga ku mswachi, mumutsuke mano m'mawa ndi madzulo. Akhale chokhala mphindi 30 musanamugoneke, kuti chakudya chisabwerere.

Zikavuta

Akamatsokomola, musiyeni atsokomole, mungomuweramitsa kutsogolo. Akatsamwa mpaka mawu osatuluka, milomo n'kuyamba kuda, mugonekeni chafufumimba pamiyendo panu mutu uli m'munsi, mumumenye ndi tsinde la chikhatho kasanu pakati pa mapewa. Musapise chala kummero kufufuza chomwe simukuchiona. Chikatuluka kapena ayi, thamangirani naye kuchipatala. Mwana wa khunyu akagwa, mugonekeni cham'mbali, musamuike kanthu mkamwa, ndipo musamupatse chakudya kapena madzi mpaka atatsitsimukiratu. Kugwako kukapitirira mphindi zisanu, n'kwa kuchipatala.

Pali zizindikiro zina zosachita phokoso: maso kulengeza misozi pomeza, mawu kumveka ngati muli madzi kummero akatha kudya, kupuma mothamanga, kutentha thupi pafupipafupi. Ana ena chakudya chimalowa m'mapapo osatsokomola n'komwe. Kusikelo musadumphe ngakhale mwana akulemera kubereka. A zaumoyo akamuyeza mkono ndi kalamba kaja, mwana wa miyezi 6 mpaka zaka 5 akapezeka pansi pa masentimita 11.5 ndiye kuti wanyentchera kwambiri ndipo ayenera kulandira chithandizo monga chiponde. Chiponde n'chomata mkamwa, choncho funsani momwe mungachifewetsere kuti iye athe kumeza.

Wodyetsa asakhale mmodzi

Kudyetsa kasanu mphindi 30 ndi maola awiri ndi theka tsiku lililonse, osawerengera kusinja, kusefa, kuchapa, kutunga madzi ndi kumunda. M'mabanja ambiri zonsezi zimagwera mayi, ndipo mwana amazolowera dzanja lake lokha moti mayi akagonekedwa m'chipatala mwana amagona ndi njala. Phunzitsani anthu ena awiri, bambo akhale mmodzi mwa iwo ngati alipo. Sabata yoyamba wophunzirayo angokhala pambali n'kumaona. Yachiwiri azipereka supuni zomalizira mayi atagwira mwana. Yachitatu atenge chakudya chimodzi cha pa tsiku, nthawi yomweyomweyo, supuni ndi kapu zomwezo. Mlongo wake wa kusukulu angathandize kumusangalatsa, koma kudyetsa mwana wopaliridwa ndi ntchito ya wamkulu.

Ponyamula mwana pansi, pindani mawondo, mumufungatire pafupi ndi chifuwa, chiuno chake chili chopinda, kenako mudzuke ndi miyendo. Misana ya amayi ambiri imathera pa kuwerama. Mayi akafika posagona tulo, kulira payekha, kusafuna kudya kapena kuganiza zodzipweteka, nayenso akufunika kuonana ndi achipatala, ndipo achibale amuperekeze. Zonena za anthu zakuti mwanayu anamukhwimira kapena mayi analakwira mwambo zimangowonjezera katundu. A mpingo ndi a mfumu akamva kuchokera kwa a zaumoyo chomwe chinavulaza ubongo wa mwana, pakamwa pa anthu pamachepa.

Ku chipatala cha boma funsani za a mafizo. Ku zipatala zazikulu za Queen Elizabeth, Kamuzu Central, Zomba ndi Mzuzu aliko. Za mipando ndi njinga za anthu aulumali funsani ku mabungwe owathandiza, a MAP kapena a MACODA, omwe ambiri akuwadziwabe ndi dzina lakale la MACOHA. Bungwe la makolo a ana aulumali la PODCAM lingakulumikizeni ndi mabanja ena, ndipo ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ya m'boma lanu mungafunse ngati banja lanu lingaganiziridwe pa Mtukula Pakhomo. Popita kwa a mafizo nyamulani buku la kuchipatala, phala lomwe mumaphika kunyumba, supuni ndi kapu yake, kuti akaone ndi maso momwe mwana amamezera.