Mmene Mungathandizire Khanda Kukudalirani

Khanda likalira, pitani mukalione, ndipo musaope kuti mukuliwononga polinyamula, chifukwa m'miyezi yoyambirira kulira ndiyo njira yake yonenera kuti lili ndi njala, lanyowa kapena likuchita mantha. Mwana amene amayankhidwa kawirikawiri akalira amaphunzira kuti ali ndi munthu womudalira, ndipo chidaliro chimenechi ndicho chimamulimbitsa mtima pamene akukula.

Mary Ainsworth, katswiri wofufuza za kakulidwe ka ana, anaona zimenezi pamene ankayendera amayi ndi makanda awo ku Uganda cha m'ma 1954, ndipo kenako mumzinda wa Baltimore ku America. Ana omwe amayi awo ankazindikira msanga zosowa zawo ndiwo ankakwawa momasuka kukaona zinthu zatsopano, n'kubwerera kwa mayi akadzidzimuka. Choncho mwana akayamba kukwawa musamutsekereze. Khalani pamalo pomwe angakuoneni, ndipo akathawira kwa inu mumulandire.

Pomuyamwitsa, pomusambitsa ndi pomuveka, muzimuyang'ana kumaso. Akatulutsa timawu take, muyankheni, kenako mudikire kuti nayenso atulutse ena. Katswiri wina, Edward Tronick, anasonyeza m'zaka za m'ma 1970 kuti mayi akangoumitsa nkhope kwa mphindi zochepa, khanda limayesetsa kumukopa pomwetulira, ndipo zikakanika limayang'ana kumbali n'kuyamba kulira. Ine ndimaona kuti foni imaumitsa nkhope zathu mofananamo, choncho iikeni pambali nthawi zoterezi.

Mwana akafika miyezi 8 kapena kuyandikira pamenepo, amayamba kulira mukamachoka. Musamuzembe. Mutsanzikeni mwachidule, mumusiye ndi munthu amene wamuzolowera, kaya bambo, agogo kapena mlezi, ndipo yesetsani kuti omulera asamasinthesinthe. Ana a m'nyumba zosungira ana ku Romania, zomwe zinadziwika pambuyo pa 1989, ankasamalidwa ambirimbiri ndi antchito ochepa osinthana, ndipo ambiri anachedwa kulankhula ndi kuphunzira. Amene anapita m'mabanja asanakwanitse zaka ziwiri ndiwo anapita patsogolo kwambiri.

Palibe kholo limene limayankha bwino nthawi zonse. Mukamukalipira, bwererani mukamukumbatire ndi kumulankhula mofatsa. Kulira kukakutopetsani, mugonekeni chagada pamalo otetezeka, mupume pang'ono, koma musamugwedeze mwamphamvu chifukwa zimenezi zingavulaze ubongo wake. Ngati mwakhala ndi chisoni kapena kusowa chidwi ndi mwana kwa nthawi yopitirira milungu iwiri, kaonaneni ndi azaumoyo.