Momwe tingasonkhanitsire mbiri ya nkhondo ya ku Mozambique kuchokera kwa akuluakulu a m'malire a Mulanje

Nkhondo yapachiweniweni ya ku Mozambique, imene inayamba mu 1977 n'kutha ndi pangano la mtendere limene linasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, inafika mpaka pa mtsinje wa Muloza, ndipo pofika chaka chomalizacho dziko la Malawi linkasunga othawa nkhondo oposa 1 miliyoni. Ambiri mwa iwo anabwerera kwawo mtendere utabwera, koma ena anakwatira kapena kukwatiwa kuno, ndipo lero ndi agogo athu ku Limbuli, ku Muloza ndi m'midzi ya m'mbali mwa Ruo. Zimene anthu amenewa anaona sizinalembedwe mokwanira, chifukwa pa nthawiyo aliyense amene anali ndi nyuzipepala kapena wailesi anali ndi zimene ankafuna kubisa. Malangizo otsatirawa ndalembera aphunzitsi, ophunzira ndi atsogoleri a mipingo amene akufuna kulemba mbiri imeneyi eni ake akadali moyo.

Musanakagogode pakhomo la munthu aliyense, yambani mwadziwa zochitika zikuluzikulu ndi zaka zake. Gulu la Renamo, limene linkamenyana ndi boma la chipani cha Frelimo, linakhazikitsidwa mothandizidwa ndi akazitape a boma la azungu la Rhodesia, ndipo Zimbabwe italandira ufulu mu 1980, asilikali a South Africa ndiwo anayamba kulisamalira. Mtsogoleri wake woyamba, André Matsangaissa, anaphedwa mu 1979 ndipo Afonso Dhlakama analowa m'malo mwake. N'chifukwa chake akuluakulu ambiri amangoti Matsanga akamanena za gululi. Pa 11 Seputembala 1986 Samora Machel wa Mozambique, Kenneth Kaunda wa Zambia ndi Robert Mugabe wa Zimbabwe anabwera ku Blantyre kudzadandaulira Dr Kamuzu Banda kuti Renamo ikugwiritsa ntchito nthaka ya Malawi, ndipo Machel atabwerera kwawo anaopseza kuti atseka malire. Patangopita masabata ochepa Renamo inasefukira m'zigawo za Zambézia ndi Tete n'kulanda matauni angapo, kuphatikizapo Milange, imene boma la Frelimo linadzailandanso mu 1988. Machel anafa pa ngozi ya ndege ku Mbuzini pa 19 Okutobala 1986, ndipo chaka chotsatira asilikali a Malawi anatumizidwa kukalondera njanji ya ku Nacala. Wofufuza amene sakudziwa zimenezi sangazindikire kuti agogo akamanena za chaka chimene anthu anawoloka mtsinje mwaunyinji atasenza ana ndi mapoto, kawirikawiri amakhala akunena za 1986.

Chachiwiri n'kumvetsa chifukwa chake zolembedwa za nthawiyo siziyenera kukhulupiriridwa pazokha. Kuno kwathu wailesi inali imodzi, ya MBC, nyuzipepala za Daily Times ndi Malawi News zinali m'manja mwa kampani ya mtsogoleri wa dziko, ndipo lamulo la 1968 linapatsa bungwe la boma mphamvu zoletsa mabuku ndi zofalitsa zina. Boma linkakana kwamtuwagalu kuti likuthandiza Renamo, choncho mtolankhani sakanalemba momasuka zimene anthu a ku Muloza ankaona ndi maso. Ku Maputo nako, nyuzipepala ya Notícias ndi bungwe la nkhani la AIM zinkatchula Renamo kuti ndi zigawenga zonyamula zida basi, osavomereza kuti m'madera ena anthu wamba anatopa ndi midzi ya mokakamiza imene Frelimo inkawasonkhanitsiramo ndiponso ndi kuchotsedwa kwa mafumu awo. Renamo nayo inkalengeza za kupambana kwake kudzera mwa oilankhulira a ku Lisbon, osatchula anthu amene inawadula makutu ndi milomo. Amalawi amene ankafuna kumva zina ankatsegula BBC kapena Radio RSA motsitsa mawu, koma Radio RSA inali pakamwa pa boma latsankho la ku Pretoria.

Pali chitsanzo chimodzi chimene wofufuza aliyense ayenera kuchisunga m'mutu. Pa 16 Malichi 1984 South Africa inasaina pangano la Nkomati, kulonjeza kuti yasiya kuthandiza Renamo, ndipo kwa miyezi yambiri inkanenetsa kuti ikusunga lonjezolo. Mu Ogasiti 1985 asilikali a Mozambique ndi a Zimbabwe analanda likulu la Renamo la Casa Banana ku Gorongosa, ndipo mabuku amene anapezeka kumeneko anaonetsa kuti asilikali a South Africa anapitirizabe kutumiza zida. Choncho mukapeza chikalata cha boma lililonse chokana mlandu, chilembeni monga umboni wa zimene bomalo linanena pa tsikulo, ndipo zimene zinachitika muzifunefune kwina.

Pokayamba kucheza ndi anthu, dzerani kwa amfumu ndipo fotokozani momveka bwino kuti simukulemba mayina a olandira chithandizo. Mfundo imeneyi ndi yofunika kwambiri, chifukwa anthu amene anakhalapo m'misasa amakumbukira kalembera, makadi ndi mizere ya ufa, nyemba ndi mafuta, ndipo munthu wobwera ndi kope ndi cholembera amawakumbutsa zimenezo. Chezani ndi munthu mmodzi pa nthawi imodzi, m'chilankhulo chimene iye wasankha, kaya ndi Chilomwe kapena Chichewa, ndipo amayi acheze ndi mayi mnzawo ngati n'kotheka. Pagulu, wolankhula kwambiri ndiye amatenga nkhani yonse, ndipo ena amangovomereza kuti asamuchititse manyazi.

Musayambe ndi funso lakuti ndani anapha ndani. Yambani ndi munda: "Agogo, kwanu kuja munkalima chiyani, nanga munakolola komaliza liti?" Kuchokera pamenepo nkhani imadziyendera yokha kufika pa usiku wothawa, njira imene anadzera, pamene anawolokera ndi munthu amene anawalandira. Zaka musawafunse mwachindunji, koma muziyeza ndi zochitika zimene aliyense kuno amazikumbukira, monga kubwera kwa Papa John Paul II mu Meyi 1989, napolo wa ku Phalombe wa mu Malichi 1991, chilala cha 1992 ndi riferendamu ya mu Juni 1993. Mayi amene sangatchule chaka angathe kukuuzani mosakayika kuti napolo atachitika mwana wake wachiwiri anali akuyamwa.

Mavuto a asilikali ndi gawo limene zofalitsa za mbali zonse zinabisa kwambiri, ndipo ndi limene anthu wamba amalidziwa bwino kuposa akuluakulu a nkhondo, popeza iwo ndiwo ankalandidwa chakudya ndi kusenzetsedwa katundu. Funsani kuti asilikali ankadya chiyani, ankavala nsapato kapena ayi, zipolopolo zikatha ankatani, ovulala ankawanyamula ndani, ndipo mvula ikayamba misewu ndi milatho zinkakhala bwanji. Asilikali a boma m'matauni ozingidwa nthawi zambiri ankadikira chakudya ndi malipiro kwa nthawi yaitali, ndipo matauni a m'malire atagwa mu 1986 ambiri a iwo anathawira ku Malawi pamodzi ndi anthu wamba. Renamo inalibe magalimoto okwanira, motero inkadalira mitu ya anthu ogwidwa, amene ankayenda masiku ambiri atasenza chimanga, malata ndi zida. Funsaninso za mabomba okwirira pansi ndi za minda ya tiyi ya ku Milange ndi ku Gurué, imene nkhondo inaiwononga pamene ya kuno ku Mulanje inkathyoledwa monga mwa masiku onse. Mayankho a mafunso otere amafotokoza chifukwa chake tauni inkagwa msanga, chinthu chimene chilengezo cha pa wailesi sichinkanena.

Nkhani ya gulu la alimi lodziteteza lotchedwa Naparama imafuna kuleza mtima kwapadera. Chakumapeto kwa nkhondo, sing'anga wina dzina lake Manuel António anasonkhanitsa alimi a ku Zambézia ndi ku Nampula, n'kuwatemera mankhwala amene ankati amateteza ku zipolopolo, ndipo iwo ankapita kukamenyana ndi Renamo atanyamula mikondo ndi zikwanje. M'kanthawi kochepa anamasula madera ambiri amene asilikali a boma analephera kuwalanda kwa zaka, mpaka pamene iye mwini anaphedwa mu Disembala 1991. Munthu akamakufotokozerani za mankhwalawo musaseke, komanso musalembe ngati kuti mwatsimikizira mphamvu yake. Lembani mawu ake momwe wanenera, kenako funsani zimene zingayezedwe: analowa gululo ndani, ankatsatira miyambo yotani, amene anafa ankati alakwitsa chiyani, ndipo a Naparama eni ake ankawachitira zotani anthu a m'midzi imene anailanda. Ine ndimaona kuti funso lomalizali ndi limene limadumphidwa kawirikawiri, chifukwa timakonda kuganiza kuti gulu lodziteteza silingazunze anthu.

Mukabwerera kunyumba, siyanitsani zimene munthu anaona ndi maso ake, zimene anauzidwa ndi mnzake, ndi zimene anamva pa wailesi, popeza pakapita zaka zoposa 30 zitatuzi zimasakanikirana m'mutu mwa munthu wolankhula zoona. Nkhani yaikulu, monga ya kuphedwa kwa anthu ambiri pamalo amodzi, muilandire ngati mwaimva kwa anthu awiri kapena atatu amene si a banja limodzi. Chenjerani ndi ziwerengero. Wothawa usiku sawerenga mitembo, ndipo ndi bwino kulemba mayina a midzi ndi mabanja kusiyana ndi kutchula chiwerengero chongoyerekeza. Mu 1988 Robert Gersony, amene anatumidwa ndi boma la America, anacheza payekhapayekha ndi anthu pafupifupi 200 othawa nkhondoyi, ena a iwo kuno ku Malawi, ndipo anayerekeza kuti Renamo inapha anthu wamba okwana 100,000. Umboni wake unali wamphamvu, komabe anamva kwa anthu amene anathawa, osati amene anatsala m'madera a Renamo, ndipo pa chisankho cha 1994 anthu ambiri a ku Zambézia anavotera Renamo yomweyo. Inunso mudzamva kwambiri mbali ya othawa, choncho lembani poyera kuti munacheza ndi anthu otani, ndipo yesetsani kupeza amene anakhala mbali inayo.

Tetezani okuuzani. Ena anagwiriridwa, ena anagwidwa ali ana n'kukakamizidwa kupha, ndipo ena kuno kwathu ankachita malonda a mchere, sopo ndi shuga ndi asilikali a kutsidya. Mtendere wa ku Mozambique sunakhazikike kotheratu, pakuti anthu anathawiranso ku Kapise m'boma la Mwanza mu 2015 ndi 2016, ndiponso ku Nsanje pambuyo pa chisankho cha 2024. Musaike mawu kapena chithunzi cha munthu pa Facebook kapena pa WhatsApp popanda chilolezo chake, sinthani dzina lake m'zolemba zimene ena adzawerenge, ndipo akayamba kulira kapena kukhala chete, imitsani chojambulira mawu ndi kumufunsa ngati akufuna kupitiriza tsiku lina.

Zimene mwajambula pa foni muzilembe papepala sabata yomweyo, m'chilankhulo chimene zinalankhulidwa, ndipo pamwamba pake muikepo tsiku, mudzi ndi zaka za wolankhulayo. Namondwe wa Freddy wa mu Malichi 2023 anakokolola nyumba ndi katundu kuno ku Mulanje ndi ku Phalombe, motero musasunge zonse pamalo amodzi: kope limodzi likhale kwa inu, lina kusukulu kapena kutchalitchi, ndipo lina muliperekenso ku banja la amene anakuuzani. Ntchito ikakula, lemberani a National Archives ku Zomba kuti akuuzeni momwe angalandirire zolembazo, ndipo muwadziwitse mayina amene eni ake anapempha kuti asaululidwe.