Momwe mungakonzere kagalimoto ka side-by-side kuti kapirire mchenga ndi makande a ku Salima

Timagalimoto ta side-by-side, monga Polaris Ranger, Can-Am Defender ndi Kawasaki Mule, ndi tija ta mipando yogundizana, chiwongolero cha galimoto wamba ndi kabokosi ka katundu kumbuyo. Munthu akagula kamodzi koti kazimuthandiza kumunda ku Lifuwu kapena pa loji ku Senga Bay, amathamangira kukakweza ndi kukaveka matayala akuluakulu kuti kafanane ndi Land Cruiser. Apo ndalama zimangolowa m'madzi. Ubwino wa kagalimotoka ndi kupepuka: tambiri sitikwana tani imodzi, pomwe Hilux kapena Land Cruiser imalemera matani awiri kapena kuposa. Chilichonse chimene muwonjezerepo chikhale chokateteza, osati chokalemetsa.

Choyamba, tetezani kunsi

M'minda mwathu muli zitsa zobisala m'udzu, ndipo zimayamba kung'amba timalabala tokuta ma CV joint, omwe ndi mfundo za ma ekiselo ozunguza matayala. Kalabala kakang'ambika girizi amatuluka, mchenga n'kulowa, ndipo posakhalitsa mumamva kugogoda mukamakhota. Ikani chotchinga cha aluminiyamu kapena pulasitiki yolimba kunsi konse, ndi tina ting'onoting'ono kutsogolo kwa timalabalato. Owotcherera a pa Kamuzu Road atha kukudulirani, koma auzeni amange ndi mabawuti, asawotcherere, ndipo asiye mabowo otulutsira oyilo ndi otsukira matope. Zitsulo zogwira denga, zimene zimazungulira okwera, asaziboole ngakhale pang'ono, chifukwa ndi zimene zimakupulumutsani kagalimoto kakagubuduzika.

Chachiwiri, matayala

Sankhani ochindikala, olembedwa kuti 8-ply, kuti minga ya mthethe isakuvutitseni. Ngati mufuna okulirapo, onjezerani inchi imodzi kapena ziwiri basi. Matayala a mano ataliatali amagwira bwino m'makande nthawi ya dzinja, koma mumchenga wa kunyanja amakumba n'kukukwirirani. Mumchenga chofunika ndi kuchepetsa mpweya kuti tayala lifutukuke. Mwini Hilux amatsitsa kuchoka pa 30 psi kufika cha m'ma 18; inu yambirani pa mlingo wolembedwa pa kagalimoto kanu, muzitsitsa pang'onopang'ono, ndipo mukatuluka mumchenga mupopenso. Pampu ndi zomatira zisamachoke m'bokosi.

Chachitatu, lamba

Apa ndi pamene pagona moyo wa kagalimotoka. Tambiri tilibe magiya a mano osinthasintha ngati a Hilux. Mphamvu ya injini imadutsa pa lamba wa labala wa CVT (makina osintha okha liwiro), wopanidwa pakati pa mapule awiri, omwe ndi timawilo tomuzunguza. Mdani wake ndi kutentha. Mukayenda pang'onopang'ono mumchenga wambiri pa giya ya H (yothamangira), dzuwa la mu Okutobala likuswa mtengo, kumbuyo mutasenza matumba, lamba amaterereka n'kuyamba kupsa. Mudzamva kafungo ka labala wopserera, kenako kagalimoto kazidzanjenjemera ponyamuka. Choncho pokoka, pokwera mtunda, m'matope ndi mumchenga, ikani giya ya L (yamphamvu, yoyenda pang'onopang'ono) nthawi zonse. Mukatitimira musamangoponda moto, mudzadula lamba matayala asanasunthe n'komwe.

Gulani lamba wapadera ndi zida zomusinthira, ndipo yeserani kusintha muli pakhomo masana, osadikira tsiku limene adzaduke kudambo dzuwa litapendeka. Ngati mwakulitsa matayala, makaniko asinthenso masipuling'i ndi zolemetsa za m'kalachi kuti zigwirizane nawo. Ambiri amalumpha zimenezi, n'kumadabwa kuti malamba akutha msanga.

Chachinayi, madzi

Land Cruiser imafuna paipi imodzi yokweza pokokera mpweya wa injini. Side-by-side imafuna zitatu: ya injini, yolowetsa mpweya ku lamba ndi yotulutsa. Lamba akanyowa injini imangolira kagalimoto kataima. Tsegulani kachitsekero ka pansi pa chivindikiro cha lambayo madzi atuluke, mulize injini pa giya ya N (yosayendetsa matayala) mpaka lambayo aume. Komabe ndikupempheni, mapaipi amenewa asakupatseni mtima wowoloka Linthipe kapena Lingadzi atadzaza. Kupepuka komwe kumakuthandizani mumchenga n'komwenso kumapangitsa madzi kukanyamula mosavuta.

Chachisanu, winchi

Winchi ndi makina a chingwe odzikokera mukatitimira. Yokoka kulemera kwa mapaundi 4,500 (pafupifupi matani awiri) ndi yokwanira, pomwe Land Cruiser imafuna ya 9,500 kapena kuposa. Imadya batire kwambiri, ndiye injini izilira pamene mukukoka. Kudambo kopanda mtengo, kumbani dzenje, mukwirire tayala lapadera litamangidwa chingwe, mukokere pamenepo.

Zokweza zija zibwere pamapeto, ngati n'zofunikadi, ndipo zisapitirire masentimita 5. Kagalimotoka n'kopapatiza kale. Mukakakweza kamagwa chammbali msanga pokhota, ndipo ma CV joint amagwira ntchito atapindika kwambiri.

Nanga n'kuti kumene Land Cruiser imapambana?

Pakati pa mizere ya kumunda, m'tinjira ta ngolo ndi pamchenga wofewa, side-by-side imadutsa pamene Hilux ikanatitimira, ndipo ikatsakamira anyamata ochepa atha kuikankha. Pa katundu nkhani imasintha. Bokosi la timagalimoto tokulirapo limanyamula makilogalamu pafupifupi 450, omwe ndi matumba 9 a mpunga a makilogalamu 50, pomwe pikapu ya Land Cruiser imasenza pafupifupi tani. Pamsewu wa M5 wopita ku Nkhotakota, pomwe mumakumana ndi mathiraki a ku Dwangwa, matayala ake ofewa amatha msanga pa phula ndipo mulibe chitetezo chokwanira. Musanakatulutse pamsewu wa boma, kafunseni kaye ku Road Traffic za nambala, inshulansi ndi COF.

Ganiziraninso za masipeyala. Cha Hilux chikathyoka, makaniko wa pa Salima amachidziwa ndipo chimapezeka ku Lilongwe. Lamba kapena ekiselo ya Polaris nthawi zambiri mpaka kuitanitsa kunja, ntchito itaima. Ndipo wolowera kunkhalango ya Thuma kapena ya Nkhotakota, komwe kuli njovu, amafunika galimoto ya zitseko ndi magalasi. Ku Nkhotakota magalasiwo amatsekeranso kunja akashembe.

Ntchito yonseyi ikatha, yesani kagalimotoko kopanda katundu pamalo afulati, mumangenso mabawuti onse mutayenda tsiku loyamba. Aliyense wokwera amange lamba wa pampando, ndipo m'bokosi la kumbuyo musakweze munthu, makamaka ana.