Vanishi wa pakabati sangapirire dzuwa la kunyanja

Aliyense amene wadutsa pa madoko a ku Chembe, Monkey Bay kapena Senga Bay mwezi uno waona zimene ndikuonazi. Maboti amene ankanyezimira mu Novembala, lero matabwa ake a m'mphepete, mipando ndi mafelemu a denga zikusupuka. Vanishi wayera mbuu, wang'ambikang'ambika, pena wafundula ngati njoka. Pansi pake thabwa latuwa, ndipo pozungulira msomali uliwonse pali banga lakuda. Dzinja silinathe n'komwe. Eni maboti ena akuloza chala mvula, ena akuti mmisiri anawachita chinyengo. Koma ndikapempha kuti andionetse chitini chimene anapakira, nkhani imathera pomwepo. Ndi vanishi wa mipando ya m'nyumba, uja timapaka pakabati, patebulo ndi pachitseko cha kuchipinda. Zitini zina zalembedwa poyera kuti interior, kutanthauza za m'kati mwa nyumba, koma munthu wanyamula chitinicho ulendo wa kudoko.

Ndimamva kawirikawiri mawu akuti vanishi ndi vanishi, chosiyana ndi mtengo basi. Si zoona. Vanishi wa m'nyumba anapangidwira thabwa lokhala pamthunzi, losanyowa, ndipo amauma gwa kuti asakandike ndi mbale kapena makapu. Thabwa la boti silikhala phee. Usiku limamwa mame, funde likalimenya limatupa, masana dzuwa likaswa mtengo limauma n'kubwerera. Tsiku ndi tsiku likuyenda chonchi, ngakhale maso sakuona. Vanishi wouma gwa uja satha kutanuka limodzi ndi thabwa, ndiye amayamba timing'alu ting'onoting'ono, makamaka polumikizira matabwa ndi pamitu ya misomali. Madzi akangolowa pamng'alu amayenda pansi pa vanishi, ndipo potulukira alibe.

Vanishi wa maboti, amene pachitini amalemba marine varnish, spar varnish kapena yacht varnish, ali ndi mafuta ambiri, n'chifukwa chake amauma mochedwa ndipo akauma amakhalabe wofewerapo, wotha kutanuka. Wabwino kwambiri amakhala ndi mafuta a mtengo wa tung. Akuluakulu a kumpoto akuudziwa mtengo umenewu, paja tauni ya Mzuzu inakulira pa esiteti ya tung m'zaka za m'ma 1940. Lero mafuta omwewo tikuwagula ali m'chitini chochokera kunja. Koma chachikulu chimene mukulipira mukamagula vanishi wa maboti ndi mankhwala otchinga kuwala kwa dzuwa kuja kotchedwa UV. Vanishi ndi woonekera, ndiye kuwalako kumadutsa n'kukapsereza thabwa pansi pake. Kachikopa ka pamwamba pa thabwa kakapsa kamafumbutuka, vanishi n'kusowa pogwira. Apo ngakhale munapaka mwaluso chotani, amasupuka basi. Vanishi wa m'nyumba alibe chitetezo chimenechi, kapena ali nacho chochepa kwambiri, chifukwa kuchipinda sikuomba dzuwa.

Tsono ganizirani kumene tili. Kumwera kwa nyanja yathu dzuwa limadutsa paliwombo penipeni kawiri pachaka, chakumapeto kwa Okutobala ndi m'mwezi wa Febuluwale, ndipo madzi amabweza kuwala kwina kukamenya boti cham'mbali. Amene anapaka mu Novembala anapereka vanishi wawo kudzuwa loopsa, kenako mvula, kenako dzuwa loopsanso. China chimene ambiri sachiganizira n'chakuti madzi a nyanja ya Malawi alibe mchere. Kunyanja zamchere, monga ku Beira kapena ku Dar es Salaam, mchere umachedwetsako kuola kwa thabwa. Kuno kulibe chotithandiza chotero. Madzi a mvula ndi a m'nyanja akatsekeredwa pansi pa vanishi wong'ambika, pamalo ofunda chonchi, thabwa limayamba kuola mofulumira kuposa likanakhala losapaka chilichonse, poti losapaka limauma dzuwa likatuluka.

Apa ndiye pamene pamandipweteka mtima. Ndalama ya chitini cholakwikacho ndi yaing'ono poyerekeza ndi zimene zikutsatira. Pamwamba pa vanishi wosupuka simungapakenso wina, ayi. Ayenera kupalidwa yense mpaka thabwa lioneke, ndipo imeneyo ndi ntchito ya masiku, boti lili pamtunda, osagwira ntchito, mmisiri akuwerengera zake. Thabwa lotuwa lija liyenera kukwechedwa mpaka mtundu wake ubwerere, kutanthauza kuti mukudya thabwa lanu lomwe. Mukachita zimenezi zaka zingapo zotsatizana, thabwa la m'mphepete limapyapyala, mitu ya misomali n'kuyamba kutuluka. Pamene padetsedwa kwambiri, mukabaya ndi nsonga ya mpeni mupeza pafewa. Pamenepo palibenso za vanishi, thabwalo lichoke. Nanga mbawa kapena mlombwa wouma bwino, wautali wokwana m'mphepete mwa boti, muupeza kuti masiku ano, ndipo pa mtengo wanji? Mitengo imeneyi yatha m'nkhalango zambiri, mwakuti mu 2022 mayiko anagwirizana kuika mbawa ndi mlombwa wa mu Africa pa mndandanda wa CITES wa mitengo yoyenera kutetezedwa pa malonda a pakati pa mayiko. Thabwa limene lili paboti lanu lero mwina simudzapezanso lofanana nalo.

Ndipo thabwa la m'mphepete si lokongoletsa chabe. Ndi pamene anthu amaponda pokwera, pamene amagwira funde likakula, pamene mumamangirira chingwe. Inu amene mumanyamula alendo kupita kuzilumba za Thumbi ndi Domwe, kapena amayi ndi katundu wawo kuchoka doko lina kupita lina, mukudziwa chimene chingachitike thabwa lofumbwa likathyoka munthu atalitsamira pakati pa nyanja. Za maonekedwe sindinena zambiri. Mlendo akafika pagombe n'kupeza maboti awiri, amasankha ndi maso.

Bambo wina wa ku Salima, mlimi wa mpunga cha ku Lifuwu, anasonkhanitsa ndalama za zokolola zake n'kukhomesa boti loti mwana wake azinyamulira anthu. Sanaumire pa matabwa, anagula mbawa weniweni wa mipando ndi m'mphepete, injini anagulanso yabwino. Pofika pa vanishi thumba linali litapepuka. Wa m'sitolo anawaonetsa zitini ziwiri, iwo n'kutenga chachikulu chotchipa, poti kunyumba kwawo kuli kabati imene anapaka vanishi yemweyo kalekale ndipo ikuwalabe mpaka lero. Anapaka maulendo awiri, mokhuthala, tsiku limodzi, boti lili pamchenga masana. Pamene ankandiitana n'kuti mipando itachita mawanga ndipo thabwa lina litayamba kufewa polumikizira. Anandifunsa ngati pali mankhwala othira kuti vanishiyo agwirenso. Ndinawauza kuti, bambo, mankhwala ake ndi chopalira basi. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati ndalama imene anapulumutsa m'sitolo muja siikwana ngakhale kulipira mnyamata wopala. Bambowa si munthu wosasamala. Pa mpunga sangabzale mbewu yosadziwika kumene yachokera. Kungoti palibe anawauza kuti kabati yawo ija sinagonepo panja ngakhale usiku umodzi.

Chimene chimanditopetsa ndi amisiri ena amene akudziwa zonsezi koma amangoti bwana wagula yekha, ine ndipaka chimene wandipatsa. Achimwene, dzina limene liipe padoko ndi lanu. Muuzeni mwini boti asanapite kusitolo. Ndipo zizolowezi zina zija tizisiye. Kusungunula vanishi ndi petulo kapena palafini chifukwa ndi zimene zili pafupi, ayi. Petulo amauluka msanga, vanishi n'kuuma asanayale bwino, osanenanso za ngozi ya moto pamalo pamene ena akusuta fodya. Palafini amachedwetsa kuuma, vanishi n'kumangonanda. Thinazi wa penti ya galimoto ndi waukali, amakwinyitsa vanishi amene munapaka dzulo. Kugula vanishi wopungulira m'botolo la chakumwa, wopanda chizindikiro chilichonse, ndiye kutaya ndalama mwadala, poti simudziwa chimene chili m'katimo ngakhale chimene anathiramo kuti achuluke. Palinso aja amayamba apaka oyilo wakutha wa injini kuti ati thabwa lisaole, kenako n'kufuna vanishi pamwamba. Pa thabwa lomwa oyilo sipagwira vanishi wa mtundu uliwonse, ngakhale penti.

Ndinenenso mosabisa kuti si boti lililonse lofunika vanishi. Ngati lanu ndi la chilimira kapena la makoka, limene tsiku lililonse maukonde, zingwe ndi mabigiri a usipa zikukhuza m'mphepete, vanishi ndi wongokutayitsani ndalama. Pakani penti ya mafuta yabwino, yowala. Penti imatchinga dzuwa kotheratu chifukwa kuwala sikudutsa, imakhalitsa kuposa vanishi aliyense, ndipo pokonza sipavuta. Vanishi ndi wa munthu amene akufuna kuti mtundu wa mbawa wake uzioneka ndipo wavomera kuti chaka chilichonse azibwererapo ndi bulashi. Ngati ndalama ya vanishi wa maboti palibe, kulibwino penti kusiyana ndi vanishi wa pakabati. Ndipo kunsi kwa boti, kumene kumakhala m'madzi, sikupakidwa vanishi ngakhale wa maboti amene.

Tsono kwa amene mwagwa kale m'vutoli, mwachidule. Musathamangire kupaka panopa mvula ikugwa. Palani vanishi yense wonyamuka kuti thabwa lipume, phimbani boti ndi lona mosiya mpata woti mphepo izidutsa, mudikire mvula ithe thabwa liume mpaka m'kati. Kupala ndi kukwecha mukudziwa kale, ingomalizani ndi sandipepala wosalala, wa nambala 180 kapena 220, motsata mzere wa thabwa. Mawanga akuda amene sanafewe amachoka ndi mankhwala oyeretsa thabwa otchedwa oxalic acid, osungunula m'madzi ofunda, mutavala magolovesi, kenako tsukani bwino liumenso. Pofewa pose dulani muikepo thabwa lina.

Pogula werengani chitini nokha. Pakhale mawu akuti marine, spar kapena yacht, komanso UV. Mawu akuti exterior okha ndi abwinoko kuposa interior, koma sanapangidwire boti. Masitolo a m'matauni a m'mbali mwa nyanja sakhala naye nthawi zonse, ndiye itanitsani ku Blantyre kapena ku Lilongwe nthawi ikadalipo, eni maboti angapo mukhoza kusonkherana. Chivindikiro chikhale chosatsegulidwapo. Gulaninso turpentine, kapena chosungunulira chimene chalembedwa pachitinipo. Lita imodzi imakwana malo pafupifupi masikweya mita 12 paulendo umodzi, ndipo mufunika maulendo osachepera 6, kuno kwathu 8 ndiye bwino. Maulendo awiri aja ndi a mipando ya pabalaza.

Ulendo woyamba sakanizani theka vanishi theka turpentine kuti alowe m'thabwa, wachiwiri chepetsani turpentine, kuyambira wachitatu kapena wachinayi pakani vanishi yekha kapena wothira pang'ono chabe. Mopyapyala nthawi zonse, wokhuthala amauma pamwamba pokha n'kukwinyika. Chitini musachikhutchumule, chimachita thovu, ingotakasani pang'onopang'ono n'kupungulira m'kachitini kena koyera. Siyani tsiku lathunthu pakati pa maulendo, kwechani pang'ono ndi sandipepala wa 320, pukutani fumbi. Pakirani pamthunzi, m'mawa mame atauma. Pa thabwa lotentha ndi dzuwa vanishi amatuluka timatuza, ndipo mukapaka madzulo mame amamugwera asanaume n'kuyera. Tsiku la mwera siyani, mchenga wonse wa pagombe uthera pa boti lanu, chimodzimodzi tizilombo touluka tija ta nkhungu tikatuluka m'nyanja. Musaiwale kumapeto kwa thabwa kumene linadulidwa, ndi kunsi kwake, ndiko kumamwa madzi kwambiri. Ngati thabwa limachoka, lichotseni mulipake mbali zonse musanalikhomerenso.

Mukatha apo, chaka chilichonse kuwala kukangoyamba kuzilala kwechani pang'ono n'kuwonjezera ulendo umodzi kapena awiri, osadikira mng'alu. Pokandika pakani sabata yomweyo. Nsanza zimene mwapukutira vanishi ndi turpentine musaziunjike pakona kapena m'boti, zimatha kutentha n'kuyaka zokha. Ziyanikeni chotambasula panja kapena zinyikeni m'chidebe cha madzi, kutali ndi thanki ya petulo.